Ndege ikabwera chammbali mu mwera, woyendetsa sanasokonezeke

Mwera ukangoyamba, mafoni amadzaza ndi timavidiyo ta ndege zikutera chopendekeka, mphuno italoza kwina pamene msewu woterapo uli kwina. Pomwepo akatswiri a pa Facebook amatulukira. Wina akuti woyendetsayo ndi wophunzira kumene, wina akuti injini imodzi yazima, winanso akulumbira kuti mlamu wake amagwira ntchito ku Chileka ndipo wamuuza kuti kunali kuledzera. Ine amene ndimadyera ntchito yoyendetsa ndege ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, pamaliro ndi paukwati pomwe. Ndege yobwera chammbali ikuchita ndendende zimene woyendetsa wake akufuna.

Wokulira kuno ku Mangochi aliyense anaonapo munthu akuwoloka Shire pa bwato madzi ali ndi mphamvu. Salozetsa mutu wa bwato pa doko limene akufuna kukakocheza. Amaulozetsa chakumtunda, madzi n'kumamukankhira kumunsi, iye n'kukafika pomwe amafuna paja. Mphepo yochokera m'mbali imachita ndege chimodzimodzi, ndiye timatembenuzira mphuno kumene mphepoyo ikuchokera, ndege yonse n'kumatsata mzere wapakati wa msewu ngakhale ikuyang'ana kumbali. Pantchito timaitcha crab, ndipo mpaka apa palibe chovuta. Wophunzira amazigwira msanga.

Povuta ndi pa mamita otsiriza. M'mwamba ndege ikhoza kuyenda chammbali, koma matayala sadziwa zimenezo, amathamangira kumene aloza. Choncho pakangotsala pang'ono kugunda pansi, woyendetsa amaponda chopondera cha chiwongolero cha kumchira kuti mphuno iwongoke, nthawi yomweyo dzanja likutsitsa pang'ono phiko la mbali yomwe mphepo ikuchokera. Phazi likupita kwina, dzanja kwina. Mukaona tayala limodzi lagunda pansi linzake likadali m'mwamba, musakuwe, n'zadala. Akawongola mofulumira kwambiri, mphepo imamusuntha kuchoka pakati pa msewu. Akachedwa, matayala amalandira nkhonya ya m'mbali. Ndege zazing'ono za mapiko apamwamba zimatha kubwera phiko lili chotsitsa kuyambira patali, koma Boeing 737 injini zake zimalendewera pafupi ndi nthaka, ikapendekeka kwambiri injini kapena nsonga ya phiko imakhula pansi. N'chifukwa chake zikuluzikuluzi mumaziona zikuwongoka pa mphindi yomaliza penipeni.

Ndipo mphepo sitiiyeza ndi tsaya. Timawerengera. Liwiro lake timalitchula mu ma knot, knot imodzi kukhala makilomita 1.85 pa ola, ndipo chimene timafuna kudziwa ndi gawo la mphepoyo limene likukankha m'mbali. Mphepo ya ma knot 20 ikapatukana ndi msewu madigiri 30, yokankha m'mbali ndi theka lake, 10. Pa madigiri 60 imafika 17. Ikabwera mopingasa ndithu, yonse 20 ili pa iwe. Buku la ndege yaing'ono ya Cessna 172 limatchula ma knot 15 monga mphepo ya m'mbali imene ndegeyo inayesedwa nayo potera, la Cessna Caravan 20, pamene ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimafika cha m'ma 30. Msewu ukanyowa, nambala zimenezi zimatsika. Manambala aakulu mumawaona atapentedwa kumapeto kwa msewu aja nawonso si okongoletsera. Wa ku Kamuzu International Airport ndi 14 mbali ina, 32 mbali inayo, kutanthauza madigiri 140 ndi 320 pa kampasi, ndipo a pansanja yoyang'anira ndege akatiuza kumene mphepo ikuchokera timangochotsera n'kudziwiratu chimene tikukakumana nacho.

Ku timabwalo tating'ono ta m'mbali mwa nyanja kulibe wokuuza zimenezo. Umadutsa kaye pamwamba, n'kuyang'ana kathumba kansalu kopachika pamtengo kaja ngati kagona kapena kaima chilili. Umayang'ana utsi wa amayi owamba nsomba kumene ukupita, ndi nyanja ngati yayamba kuchita thovu loyera pamwamba pa mafunde. Ukuyang'ananso mbuzi ndi ana. Msewu wake ndi umodzi, wopapatiza, ndipo mitengo ndi mapiri zimaiphwanya mphepo kuti izibwera modukizadukiza, pano yakukankha, pano yakusiya. Yodukizayi ndiyo timaiopa kuposa yamphamvu yokhazikika. Timawonjezera liwiro pang'ono pobwera, ndipo sitinyengerera ndege kuti itere mofewa. Timaikhazika pansi motsimikiza kuti matayala agwire. Ndiye wina potsika azidandaula kuti msana wamupweteka, mnyamata uja sadziwa kutera. Kutera kofewa kumene mumakuombera m'manjako, tsiku la mphepo ndiko kumatulutsa ndege kunja kwa msewu.

Bodza lina ndi loti masiku ano kompyuta ndiyo imateretsa, woyendetsa amangokhala. Pa ndege zambiri makina oteretsa okha ali ndi malire a mphepo otsika kuposa a munthu. Tsiku loipa kwambiri ndi manja ndi mapazi.

Vidiyo imene imazungulira chaka ndi chaka ndi ya ku Hamburg ku Germany, pa 1 Malichi 2008. Airbus A320 ya Lufthansa inkatera mkati mwa namondwe, mphepo inanyamula phiko lakumanja, nsonga ya lakumanzere n'kukhula msewu. Oyendetsa anaika mphamvu zonse n'kunyamukanso, ndipo kachiwiri anatera pa msewu wina wa bwalo lomwelo. Palibe anavulala. Anthu amaonera pomwe phiko likugunda n'kusiya. Ofufuza anapeza chinthu chimene chimandikhudza kwambiri: mphepo yomwe inalengezedwa inali yoposa nambala ya m'buku, koma oyendetsa ambiri sankaiona nambalayo ngati malire osadumphika. Ku Hong Kong mu Ogasiti 1999 ndege ya MD-11 inatera mu chimphepo chamkuntho, phiko linathyoka, ndege n'kugadabuka, ndipo anthu 3 anamwalira mwa anthu 315.

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo si ya kunja. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ananyamula akuluakulu pa ndege yahayala kubwera nawo kuno ku msonkhano wa ku nyanja, mwezi wa Julayi, masana mwera utalusa. Anayesa kutera, ndege sinakhazikike, ananyamukanso. Anayesanso, chimodzimodzi. Anatembenuka n'kukawatsitsa ku Chileka, onse ali bwinobwino, mafuta akadalipo okwanira. Anachita zonse monga mwa buku. Bwana wamkulu pagululo anamuyandikira pomwepo pansi pa phiko.

"Iwe mnyamata, ukudziwa ndalama zimene talipira? Anzako amatera tsiku lililonse pamene paja."

"Pepani bwana, mphepo inapyola malire a ndegeyi."

"Ulendo wina mutipatse wodziwa ntchito."

Ulendo wotsatira anamupatsadi wina. Atandifotokozera, mnyamatayo anamaliza ndi mawu akuti tsiku lina adzangoyesa kachitatu. Pamenepo ndiye ndinachita mantha. Luso lake silinasinthe, koma munthu amene analipira ndalama zambiri anamuphunzitsa kuti kubwerera kumadula ntchito. Kachitatu woyendetsa amakhala atatopa, mafuta atachepa, manyazi atamukwera, ndipo mphepo sinasinthe chifukwa choti m'ndege muli wolemekezeka. Bwana ujayo mpaka lero mwina amafotokoza nkhaniyi ngati tsiku limene mwana wamantha anamuchedwetsa ku msonkhano.

Kunyamukanso titalephera kukhazikika, komwe timati go-around, si ngozi ndipo si chipongwe kwa okwera. Timakuyeserera pamaphunziro mpaka kutopa nako. Injini zikabuma mwadzidzidzi, msana n'kumatirira kumpando, nthaka n'kuyamba kutalikiranso, dziwani kuti kutsogoloko wina waganiza bwino. Akapanda kulankhula nanu msanga, manja ake ali pa ntchito, adzalankhula akamaliza. Za mafuta musade nkhawa, lamulo limafuna kuti ndege inyamule okafikira bwalo lina ndi ena apadera osakhudza.

Ndiye inu okonza misonkhano ku Mangochi, inu alembi a mabwana amene mumachita hayala ndegezi, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ikani ulendo m'mamawa, mphepo isanadzuke. Siyani mpata wa maola angapo pakati pa kutera ndi kutsegulira msonkhano, ndipo khalani ndi galimoto yodikira kudzera ku Liwonde zikavuta. Kampani ikakulonjezani kuti woyendetsa wawo amatera nyengo iliyonse, funani ina. Musaimbire mwini ndege kuti akakamize woyendetsa, musagogode paphewa pake ali mkati mobwera, ndipo musamuonetse wotchi. Mukatera musathamangire kumasula lamba matayala akangogunda pansi, chifukwa mphepo imakhala ikufunabe kunyamula phiko ndi kutembenuza mchira, ndipo woyendetsa amalimbana nayo mpaka ndege itaima.