Chithunzi cha kupolisi sichidikira kuti usinthe malaya

Mukatsegula alubamu ya agogo anu mupeza abambo ali mu jekete ndi tayi, amayi atatchena chilundu, duku litamangidwa mwaluso. Musafulumire kunena kuti kale anthu ankavala chonchi tsiku ndi tsiku. Kukajambulitsa kunali ngati kupita ku ukwati: zovala ankazisita ndi simbi ya makala, jekete nthawi zina n'kuchita kubwereka. Ife amene timafufuza mbiri ya zovala timadalira kwambiri zithunzi za kupolisi, poti womangidwa ankajambulidwa ndi zomwe wagwidwa atavala.

Kajambulidwe kameneka, chithunzi china chakumaso china chakumbali, anakakhazikitsa ndi Alphonse Bertillon wa polisi ya ku Paris m'zaka za m'ma 1880. Iye ankafuna nkhope basi, koma kolala, mabatani ndi zigamba zinalowa nawo. Zithunzi za apolisi a ku Sydney, ku Australia, za m'ma 1920 zimadabwitsa ambiri: oganiziridwa kuba ali mu suti, chipewa kumutu kapena m'manja. Si kulemera ayi. Nthawi imeneyo mwamuna sankayenda m'tauni mutu uli pamtunda. Umphawi wake muuone m'zigongono zoperepeseka ndi nsapato zotha zidendene.

Kwathu kuno chithunzi chotere chimafuna maso awiri, chifukwa apolisi omwewo ndiwo ankalondanso zovala za anthu. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala thalauza pagulu, ngakhalenso siketi kapena diresi losaphimba mawondo. Abambo nawo sankaloledwa kuweta tsitsi lalitali, ndipo mathalauza otambasuka kumiyendo aja ankaletsedwa. Mlendo wa tsitsi lofika m'mapewa ankakumana ndi sizasi pabwalo la ndege. Pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, lamuloli linali litagwira kale mizu, moti akalaliki ndi masekilitale amene anadzaza maofesi a ku Capital Hill anayamba ntchito ali pansi pa lamulolo.

Choncho mayi wa mu 1980 amene mukumuona mu diresi lofika m'katumba sakukuuzani zimene mtima wake unkakonda. Akukuuzani zimene lamulo linkalola. Kukonda kwake kuli mu zing'onozing'ono: mtundu wa nsalu, kasokedwe ka telala wa pakhonde la sitolo, kamangidwe ka duku, ndolo. Ine ndimayamba kuyang'ana kumapazi. Nsapato sizinama, ndipo ambiri, makamaka ochokera kumudzi, analibe n'komwe. Chitenje nacho chimasocheretsa ofufuza achilendo, amene amachiyesa chovala cha mwambo basi. Chinalinso chishango: mtsikana wokayikira kutalika kwa siketi yake ankangochikulunga pamwamba n'kudutsa bwinobwino.

Lamulo lija linachotsedwa mu 1993, chaka cha referendamu. Komabe mu Januwale 2012 mavenda ena mu Lilongwe muno anavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Apa apolisi ankamanga ovula anzawo, osati ovala thalauza, m'misewu yomweyo imene mathalauza a kaunjika amagulitsidwa mulu ndi mulu.