Kanyumba kogulitsirapo mapuloti kokhoza kusamuka

Kampani ikamagulitsa mapuloti kapena nyumba zomwe sizinamangidwe, imafuna kanyumba kolandiriramo ogula, kopachikamo mapu ndi kuikamo chitsanzo cha nyumbazo. Gawo loyamba la mapulotiwo likagulidwa, kanyumbako kamayenera kusamukira kwina. Choncho musanajambule khomo kapena zenera, dziwani kaye lole imene idzakanyamule komanso pamene kireni (makina okwezera katundu wolemera) idzaime.

Lole ndiyo imalamula muyeso. Chidutswa cha kanyumbako chikapitirira kwambiri mamita 2.5 m'lifupi, chimafuna chilolezo chapadera kuti chiyende pamsewu. N'chifukwa chake ambiri amayambira pa kontena ya mafiti 20, yomwe ndi mamita 6.06 m'litali ndi 2.44 m'lifupi, yolemera matani awiri ndi pang'ono. Mukagundanitsa ziwiri m'mbali n'kuchotsa makoma apakati, mumapeza chipinda cha mamita pafupifupi 6 kwa 4.9, chokwanira tebulo la chitsanzo ndi desiki yosainirana.

Vuto lalikulu limabwera podula makomawo. Khoma lamizere la kontena limathandiza kunyamula denga. Mukangolidula, denga limayamba kuwerama pakati, ndipo tsiku lonyamula chimango chonse chimapotoka, magalasi n'kusweka, zitseko n'kukana kutseka. Musanadule, wotchererani chimango cha zitsulo zamakona anayi mozungulira malo odulawo, ndipo ngati mukuchotsa khoma lonse muikepo nsanamira pakati. Kireni izikoka pa ngodya zinayi zokha, pomwe pali zitsulo zoboola zopangidwira ntchitoyo. Magalasi aakulu azichotsedwa n'kuyenda paokha.

Zolumikiza chidutswa ndi chinzake, monga khonde, masitepe ndi denga, zikhale za mabauti. Chowotcherera chimafuna kudulidwa posamuka, ndipo podulapo dzimbiri silichedwa. Sankhani saizi imodzi ya mabauti, monga M12, kuti sipanala imodzi igwire ponseponse, ndipo chidutswa chilichonse chilembedwe nambala yofanana ndi ya pa pulani. Mawaya amagetsi akhale ndi mapulagi pamalo olumikizirana, asamadulidwe ulendo uliwonse.

Mwezi wa Okutobala kontena yosatetezedwa imasanduka uvuni, ndipo wogula amene akutuluka thukuta safunsa za mtengo, amafuna khomo. Ikani denga lachiwiri la malata pafupifupi masentimita 30 pamwamba pake kuti mpweya uzidutsa, ndi zotchingira kutentha mkati mwa makoma. Denga loterolo limakwezedwa msanga ndi chimphepo, choncho limangidwe ndi mabauti pa chimango, khonde nalonso lizikidwe pansi.

Maziko okumba safunika. Mabuloko a konkire pansi pa ngodya iliyonse, oyezedwa ndi levulo, amakwanira, ndipo amasiya mpata woti madzi amvula adutse. Kukwezako kumabweretsa sitepe, ndiye pafunika njira yotsetsereka ya oyenda pa njinga za olumala: pokwera masentimita 30, ikhale yotalika mamita 3.6. Kukhonsolo pitaniko lole isanabwere, chifukwa nyumba yosakhalitsa nayo imafuna chilolezo.