Abale akuchimuna ndi makiyi a nyumba ya malemu

Nkhani zopeka zambiri za masiku ano, kaya za m'nyuzipepala kaya masewero a pa wailesi, zikafika pa maliro zimatulukira pamodzimodzi: abale akuchimuna atenga makiyi, mkazi wamasiye ndi ana atsala ndi mphasa. Ena akudandaula kuti olembawa akunyoza mwambo wa makolo. Koma chithunzichi chili ndi kochokera.

Pa chikamwini, mwamuna ankakhala kwa mkazi ngati mkamwini. Ana anali a mbumba ya mayi awo, nkhoswe yawo ndi malume. Bambo akamwalira, zake zinkabwerera kwa abale ake ndi ana a alongo ake, ndipo ana ake sankavutika kwenikweni, poti munda ndi nyumba zinali kale kuchikazi. Katundu wobwererayo anali khasu, nkhwangwa, mwina mbuzi ziwiri.

Katswiri wa mbiri yakale Kings Phiri, polemba mu 1983 za kusintha kwa banja la Achewa, analoza amishoni, fodya ndi ulendo wa amuna kukagwira ntchito kunja ngati zina mwa zimene zinabweretsa kusinthako. Mfundo yake ndi yomveka, ngakhale zolemba za amishoni ziyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa eni ake ankaona chikamwini ngati chosokoneza banja.

Pomwe zinakhotera kwambiri ndi mu 1967. Lamulo la chuma cha masiye la chaka chimenecho linati mwamuna wa ukwati wa chikamwini akafa wosalemba wilo, mkazi, ana ndi ena omudalira alandire magawo awiri mwa asanu, atatu otsalawo apite kwa olowa chuma mwa mwambo. Kumpoto ndi ku Nsanje, kumene amalowola, ankagawana pakati. Tsono nthawi imeneyo chuma sichinalinso khasu. Chinali nyumba ya ku Ndirande kapena ku Kawale, penshoni, galimoto, zimene mkazi anavutikira limodzi ndi mwamuna wake, ndipo ana obadwira m'tauni analibe munda wakuchikazi wothawirako. Mwambo umene unkateteza ana kumudzi unawasiya pamtetete m'tauni, lamulo likuvomereza.

Lamulo la 2011 linaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womangitsa. Komabe zimavuta apa: katundu amasesedwa maliro asanathe, kalata za nyumba zili m'dzina la mwamuna yekha, ndipo wamasiye amaopa kutengera apongozi ake kukhoti. Olemba amene akubwerezabe nkhaniyi akulemba zimene akuziona pa misasa ya maliro.