Kutentha thupi sikumaliza tizilombo ta malungo

Uthenga uja umangobwerabe m'magulu: akuti wodwala malungo mumufunditse mabulangete kapena mumufukize, kutenthako kupsereze tizilombo. Ndi bodza, ndipo lingaphetse mwana.

Kachilombo ka Plasmodium falciparum, kamene kamayambitsa malungo, kamapirira kutentha. Kakachoka mwa udzudzu n'kulowa m'thupi la madigiri 37, kapena thupilo likatentha kufika 40, ena mwa mapuloteni ake (tizinthu timene timagwira ntchito m'kati mwa kachilomboko) amapindika molakwika. Koma kali ndi mapuloteni othandiza, monga Hsp70 ndi Hsp90, amene amakonza opindikawo kuti agwirenso ntchito. Ena kamawatumiza m'selo lofiira la magazi lomwe kalowamo. Tizilombo tina timafadi, koma totsalato timaswanabe.

Mukalandira uthenga wotere, onani amene waunena, muufananize ndi malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, kapena mufunse azaumoyo. Wodwala akayezetse magazi, alandire mankhwala. Chonde musautumizenso.