Kuyezetsa matenda a shuga ndi kudziwa mtundu wake: uthenga kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje

Kuno ku chigwa cha Shire, kumene dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limaswa mtengo, munthu akamamwa madzi pafupipafupi palibe amene amadabwa, ndipo n'chifukwa chake matenda a shuga amatha kubisala kwa nthawi yaitali. Ludzu la kutentha limatha munthu akamwa madzi n'kukhala pamthunzi, komanso mkodzo umachepa popeza madzi ambiri amatuluka ngati thukuta. Ludzu la shuga silitero: munthu amamwa koma kukhosi kumangoumabe, ndipo usiku amadzuka kangapo kukataya madzi ambiri. Zizindikiro zina ndi kuwonda ngakhale munthu akudya bwino, kufooka, kuona mwachimbuuzi, zilonda zosapola msanga, kuyabwa kumaliseche, dzanzi kumapazi, ndiponso nyerere kuunjikana pamene munthu wakodza. Ambiri akaonda amayamba aganiza za HIV kapena TB, ndipo kuyezetsa matenda amenewa n'koyenera, koma pemphani kuti akuyezeninso shuga.

Zizindikiro pazokha sizikwanira, chotsimikizira ndi magazi. Wachipatala amabaya chala, n'kuika kadontho ka magazi pa kapepala kamene kalowetsedwa m'kamakina, ndipo nambala imaoneka nthawi yomweyo. Musanabayidwe, sambani m'manja ndi kuumitsa bwino, chifukwa madzi a nzimbe kapena a mango otsalira pachala amakweza nambala ngakhale mwa munthu amene alibe vuto. Ngati mwauzidwa kuti mubwere osadya, mukhale maola osachepera 8 osadya kanthu, ndipo tiyi wothira shuga, thobwa ndi phala nazo zimawerengedwa ngati chakudya. Madzi okha ndiwo ololedwa.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, munthu amapezeka ndi matendawa ngati shuga wafika 7.0 mmol/L (126 mg/dL) asanadye, kapena 11.1 mmol/L (200 mg/dL) pa nthawi ina iliyonse pamene alinso ndi zizindikiro. Timakina tina timawerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL, choncho onetsetsani kuti m'buku lanu la kuchipatala mwalembedwa nambala pamodzi ndi muyezo wake. Amene alibe zizindikiro amayezedwanso tsiku lina asanauzidwe kuti ali ndi matendawa. Palinso kuyeza kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo malire ake ndi 6.5 peresenti. Komabe kuyeza kumeneku kumatha kusokeretsa mwa munthu woperewera magazi kapena amene wangodwala malungo, zinthu zimene sizisowa m'dera lathu lino, choncho muuzeni dokotala ngati munadwala posachedwa.

Funso lotsatira ndi lakuti ndi shuga wa mtundu uti, ndipo funsoli ndi lalikulu chifukwa mankhwala ake amasiyana. Pa mtundu woyamba, chitetezo cha m'thupi chimawononga tizigawo ta kapamba topanga insulini, imene imathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, mpaka thupi kutsala lopanda insuliniyo. Umagwira kwambiri ana ndi achinyamata, ngakhale akuluakulu nawo amatha kuudwala, ndipo umayamba mwaliwiro: m'masabata ochepa mwana amene anasiya kale kukodza pamphasa amayambanso, amaonda ndipo amangofuna madzi. Wodwala wotere amafunika jakisoni wa insulini tsiku lililonse kwa moyo wake wonse. Akayamba kusanza, kumva m'mimba kupweteka, kupuma mozama ndi mofulumira kapena kusinza mosadziwika bwino, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osayamba mwadikira kuona ngati ndi malungo.

Mtundu wachiwiri ndi umene uli ndi anthu ochuluka, oposa 9 mwa odwala 10 alionse. Insulini imakhalapo koma siikwanira kapena siigwira bwino ntchito, ndipo matendawa amakula pang'onopang'ono kwa zaka, kotero kuti ena amadziwika maso, impso kapena mapazi zitayamba kale kuwonongeka. Umayenda kwambiri m'magazi a pabanja, ndiponso ndi ukalamba, kunenepa ndi BP. Koma si matenda a anthu olemera kapena onenepa okha ayi, mlimi woonda wa ku Makhanga kapena ku Chapananga akhozanso kupezeka nawo. Chithandizo chimayamba ndi kusintha kadyedwe ndi mapiritsi monga metformin. Amayi ena shuga amakwera pa nthawi yoyembekezera, zimene kawirikawiri zimayezedwa mimba ikakhala pakati pa masabata 24 ndi 28, ndipo ayenera kuyezedwanso akabereka chifukwa amakhala pachiopsezo cha mtundu wachiwiri. Mankhwala monga prednisolone, komanso kuwonongeka kwa kapamba chifukwa cha mowa, nazonso zimakweza shuga.

Palibe nambala imodzi ya pa kamakina imene imanena mtundu. Dokotala amaphatikiza msinkhu wanu, liwiro limene matenda ayambira, sikelo, mbiri ya kubanja ndi zotsatira za mkodzo, mmene amafufuzamo zinthu zotchedwa maketoni, zimene zimachuluka thupi likasowa insulini. Kuyeza kozama kwa m'magazi kumene kumasiyanitsa mitunduyi sikupezeka m'zipatala zambiri, choncho nthawi zina yankho limadziwika poona mmene thupi likuyankhira mankhwala. Kubayidwa insulini sikutanthauza kuti muli ndi mtundu woyamba, pakuti ena a mtundu wachiwiri amayamba ndi jakisoni shuga akakwera kwambiri, kenako n'kusinthidwira ku mapiritsi. Kusintha kumeneko ndi kwa dokotala yekha.

Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Ngati palibe zipangizo, pemphani kalata yopita ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo odwala ofunika akatswiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre. Popita, tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba, ndipo bukulo muzilisunga m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe nthawi ya madzi osefukira.