Rooivalk: helikopita imene inachedwa ku nkhondo yake

Pa 11 February 1990 maso a dziko lonse anali pa chipata cha ndende ya Victor Verster, pomwe Nelson Mandela ankatuluka atamangidwa zaka 27. Tsiku lomwelo mainjiniya a kampani ya ku South Africa ya Atlas Aircraft Corporation anali ndi chisangalalo chawochawo: helikopita yankhondo imene ankaipanga, yotchedwa Rooivalk, inauluka koyamba. Ndi ochepa amene analabadira. Nkhondo imene anaipangira inali itatha kale, ndipo boma la tsankho limene linaifuna linali litayamba kulongedza katundu.

Gwero la nkhaniyi ndi chiletso. Mu November 1977 bungwe la United Nations linalamula kuti dziko lililonse lisagulitse zida zankhondo ku South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Kufikira nthawiyo asilikali a m'mlengalenga a dzikolo ankadalira kwambiri France, komwe anagula ndege za Mirage ndi mahelikopita a Alouette III ndi Puma. Msikawo unatsekeka nkhondo ya kumpoto kwa Namibia ndi kumwera kwa Angola ili mkati. Kumeneko adani sanali omenyera ufulu wa Namibia a SWAPO okha. Boma la Angola la chipani cha MPLA linali ndi asilikali a ku Cuba pambali pake, ndipo Soviet Union inkalitumizira akasinja, mizinga yogwetsera ndege ndi mahelikopita oopsa a Mi-24. A South Africa ankangomangirira mfuti pakhomo pa Alouette III n'kuitumiza kukathandiza asilikali apansi. Kam'tchire kotsata zigawenga zinkatheka, koma kutsogolo kwa kasinja kandege kopepuka kotero kanalibe mawu. Kugula mahelikopita ankhondo a Apache kapena Cobra ku America kunali kosatheka. Choncho mu 1984 Armscor, bungwe la boma loona za zida, ndi Atlas anayamba ntchito yopanga yawoyawo.

Sanathamange. Anayamba n'kutenga injini ndi mapiko a Alouette III, n'kuziika pa thupi latsopano lopyapyala la mipando iwiri yotsatizana, mfuti ili kunsi kwa mphuno. Imeneyi ndiyo Alpha XH-1, inauluka mu 1985, ndipo ntchito yake inali kungophunzirirapo. Kenako anasintha ma Puma awiri kuti ayeserepo zida, makamera ndi makompyuta. Apa m'pamene anapanga chiganizo chimene chinawapulumutsa poyamba n'kudzawapweteka pambuyo pake. Chovuta kwambiri pa helikopita si thupi, koma mainjini, giyabokosi ndi mapiko ozungulira a pamwamba aja. Kuzipanga kuchokera pa pepala lopanda kanthu kumadya zaka ndi ndalama zosaneneka. Atlas inasankha kugwiritsa ntchito za mtundu wa Puma, zomwenso inkaika mu helikopita yake yonyamula asilikali ya Oryx, pamodzi ndi mainjini awiri a Makila a kampani ya ku France ya Turbomeca. Motero helikopita imene ankainyadira kuti ndi yapakhomo inali ndi mtima wachifalansa.

Tisawachepetse mainjiniyawo ayi, chifukwa chimene anatulutsa chinali chogwirizana ndi dziko lawo. Oyendetsa amakhala awiri, wina kutsogolo, wina kumbuyo pamwamba pang'ono kuti aziona bwino, ndipo thupi n'lowonda kuti woiwombera kuchokera kutsogolo asowe pogwira. Pansi pa mphuno pali mfuti ya mamilimita 20 imene imatha kutsatira kumene chisoti cha msilikali chayang'ana: akatembenuza mutu kumanzere, mfutinso imatembenukira komweko. M'mbali muli timapiko tifupitifupi tonyamulira maroketi a mamilimita 70 ndi mizinga yophulitsira akasinja ya Mokopa, yopangidwa ku South Africa komweko. Pakamwa pa mainjini anaikapo zosefera fumbi, poti mchenga wa ku Namibia umatafuna injini msanga, ndipo mpweya wotentha wotuluka amaulozetsa m'mwamba kuti mizinga yotsata kutentha ivutike kuipeza. Anaganiziranso za malo okwera ndi otentha, kumene mpweya umapepuka ndipo helikopita yofooka imalephera kunyamuka ndi katundu wake. Pa ziwonetsero za ndege Rooivalk inkachita kupidiguka mozungulira m'mwamba, chinthu chimene mahelikopita ambiri sangayerekeze.

Koma mtendere unafika msanga kuposa iyo. Nkhondo ya ku Cuito Cuanavale ku Angola ya mu 1987 ndi 1988 inatsatiridwa ndi pangano la ku New York mu December 1988, asilikali a ku Cuba anayamba kubwerera kwawo, ndipo pa 21 March 1990 Namibia inalandira ufulu. Akasinja amene Rooivalk inkayenera kusaka sanalinso nkhawa ya munthu. Ndalama za asilikali zinadulidwa kwambiri. Mu 1992 mafakitale a Armscor, kuphatikizapo Atlas, anasamutsidwira ku kampani yatsopano ya boma ya Denel, yomwe inauzidwa kuti izidzipezera yokha makasitomala. Boma latsopano la mu 1994 linali ndi nyumba, madzi ndi zipatala zoti limange. Pomaliza, mu 1996, linaitanitsa ma Rooivalk 12 okha.

Nambala imeneyi ndiyo inapha malonda. Ndalama zonse zofufuzira ndi zoyesera, za zaka zoposa khumi, zikagawidwa pa ndege 12 zokha, iliyonse imakhala yodula moopsa. Wogula wakunja amafunsanso funso lanzeru: ngati eni ake angotenga 12, ndani adzandigulitse zitsulo zosinthira zaka makumi awiri zikubwerazi? Britain inaiyang'ana koma mu 1995 inasankha Apache. Malaysia inaonetsa chidwi, koma mavuto azachuma a ku Asia a mu 1997 anasokoneza zonse. Mvula ikakuona litsiro sikata: makampani a ku France amene anapanga Puma anali atalowa mu Eurocopter, yomwe inkagulitsa helikopita yakeyake yankhondo ya Tiger m'misika yomweyo. Denel inkapikisana ndi mwini wa giyabokosi yake. Mwayi wotsiriza unali Turkey, koma mu 2007 a Turkey anatenga A129 ya ku Italy, imene anadzaisandutsa T129 ATAK yawo. Palibe Rooivalk ngakhale imodzi imene inagulitsidwa kunja.

Ngakhale kwawo zinthu zinkayenda mokwawa. Ndegezo zinaperekedwa ku gulu la 16 Squadron ku Bloemspruit, pafupi ndi Bloemfontein, koma zinali zisanathe kwenikweni, ndipo makompyuta ena anakalamba ntchito isanamalizidwe. Imodzi inawonongeka pa ngozi mu 2005, n'kutsala 11. Zoyamba zokonzedwa mokwanira kuti zipite kunkhondo zinalandiridwa mu April 2011, patatha zaka 27 chiyambire ntchitoyo.

Nkhondo yake inadzaipeza ku Congo. Zigawenga za M23 zitalanda mzinda wa Goma mu November 2012 asilikali a United Nations akungoonerera, bungwelo linakhazikitsa mu March 2013 gulu lapadera lololedwa kuyamba lokha kumenya, osati kungodziteteza. Asilikali ake anachokera ku South Africa, Tanzania ndi Malawi. Kumapeto kwa October chaka chomwecho ma Rooivalk atatu anafika ku Goma atapakidwa utoto woyera wa United Nations. Pa 4 November awiri ananyamuka n'kukakhuthula maroketi pa maenje ndi malinga a M23 pa phiri la Chanzu, kufupi ndi malire a Rwanda, pamene asilikali a boma la Congo ankakwera kuchokera pansi. M'mawa mwake, pa 5 November, M23 inalengeza kuti yasiya nkhondo. Kunena kuti mahelikopita awiri ndiwo anathetsa nkhondoyo n'kukokomeza, poti zigawengazo zinali zitataya kale matauni angapo m'masabata apitawo. Komabe tsikulo linatseka pakamwa anthu amene ankati Rooivalk ndi chidole cha pa ziwonetsero.

Kutchuka kwa ku Chanzu kunadzutsanso nkhani yoti apange mtundu wachiwiri wamakono, mwina mogwirizana ndi dziko lina loti ligawane nawo mtengo. Zinathera m'misonkhano. Denel inalowa m'mavuto aakulu azachuma, dzina lake linamveka pa kafukufuku wa katangale wotsogoleredwa ndi jaji Raymond Zondo, ndipo cha m'ma 2020 inkalephera kulipira antchito ake malipiro athunthu. Mainjiniya ambiri anapita kukagwira ntchito kwina, ena kunja kwa dziko. Pambuyo pa 12 zija palibe Rooivalk yatsopano imene yapangidwa, ndipo zotsalazo zimauluka malinga ndi zitsulo zosinthira zimene zapezeka.