Kapaipi ka briza musamakatseke ndi bawuti chonde

Mwezi uno wokha galimoto zitatu zalowa pa galaja panga vuto lake limodzi, ndikatsegula boneti ndikupeza kapaipi ka briza, kopumira injini kochoka pa tapeti kava (chivundikiro cha pamwamba pa injini), wina anakatseka. Ina ndi bawuti, ina ndi pulagi yakutha, inayo ndiye anachita kusema kamtengo bwinobwino ngati chotsekera chigubu cha palafini. Ukafunsa mwini wake akuti "amakaniko anati kapaipi kameneka kalibe ntchito, kamangothira oilo mu air cleaner." Kalibe ntchito? Ndiye a ku Japan amene anapanga Sienta yanuyo anangokaikapo ngati chokongoletsa eti?

Tamvani. Petulo akaphulika pamwamba pa pisitoni sikuti mpweya wonse umathawira ku ekizozi ayi, wina umazemba m'mbali mwa maring'i a pisitoniyo nkutsikira ku sampu komwe kumakhala oilo. Ife timati blow-by. Ngakhale injini yatsopano imachita zimenezi, kungoti yokalamba imawonjeza. Mumpweya umenewu muli utsi, muli petulo wosapsa, mulinso nthunzi ya madzi, ndipo madziwo si ochepa chifukwa lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ambiri amapita ku ekizozi inde koma ena amatsikira pansipo. Ndiye taganizani thobwa loti layamba kusasa mwalitsekera m'botolo nkuliika padzuwa. Lipeza potulukira lokha basi, ndipo pa injini potulukira pake ndi pa ma seal ndi magasiketi anu.

Kale galimoto zinkangokhala ndi paipi yoloza pansi, utsiwo nkumatayikira mumsewu. Ku California atatopa ndi utsi, galimoto za 1961 zinayamba kubwera ndi dongosolo lobwezera mpweyawo mu injini kuti ukapse kachiwiri, kenako America yonse ndi maiko ena anatengera. Ndiye PCV imene mumaimvayi. Pa Vitz, Passo, Probox, Corolla ndi zinzake mupeza timapaipi tiwiri, kena kali ndi kavalavu kamapita ku inlet manifold komwe mpweya umalowera mu injini, kameneko ndi koyamwa, kenako kamachokera ku paipi yaikulu ya air cleaner kubweretsa mpweya woyera kuti muzidutsa mphepo mkatimo. Nkhani yake ndi yomweyo.

Koma imene imandiwawabe mpaka lero ndi ya madala ena ake a Sienta yonyamula anthu. Anapuma ntchito, ndalama yawo yonse anaitanitsira galimotoyo kudzera ku Dar es Salaam. Tsiku lina kapaipi ka briza kanang'ambika, injini nkuyamba kunjenjemera pa idling, nthawi zina kuzima pa roundabout. Anapita kwa mnyamata wina wa pansi pa mtengo, iye anadula pong'ambikapo nkukhomera bawuti mbali zonse, kuphatikizapo kapaipi kenako akuti kuti fumbi lisalowe. Kunjenjemera kunathadi, madala anasangalala mpaka kumuonjezera ya Fanta. Patangotha masabata angapo oilo anayamba kudontha pakati pa injini ndi giyabokosi. Anatsitsa giyabokosi, anasintha seal ya kumbuyo, inadonthanso. Anatsitsanso kachiwiri nkunena kuti seal yoyamba ija inali ya feki. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzifunsa kuti kodi chikukankha oiloyu ndi chani. Dipisitiki inkachita kudzikweza yokha, madala amangoikankhira pansi mmawa uliwonse.

Kwa ine anabwera kamodzi kudzafunsa mtengo wa seal yachitatu, ndinali ndi minibasi pa jeke, ndinangowauza kuti bambo mubwere Lolemba tione bwino. Sindinatsegule nkomwe boneti, chinthu choti mphindi ziwiri ndikanachiona. Loweruka lake ananyamula anthu ulendo wautali, oilo anathera mumsewu, injini inanoka. Ataikoka kubwera nayo ndinatsegula tapeti kava, mkatimo munali matope akuda bii oti uchite kukomba ndi sipuni, sefa ya pampu ya oilo itatsekeka theka. Ndinawaonetsa bawuti ija m'manja mwanga, anangoiyang'ana osayankhula kanthu. Anagula injini ina ya sekondi pa ngongole.

Tsono inu amene mukuti paipiyi imathira oilo mu air cleaner, zoona zimachitika, koma paipiyo ikungokuuzani uthenga. Mwina kavalavu ka PCV katsekeka ndi matope ndiye mpweya ukubwerera chammbuyo, kapena maring'i atha blow-by yachuluka. Kutseka paipi ndi chimodzimodzi kumanga pakamwa mwana amene akulira njala. Kavalavuko kakhozanso kukanirira kali kotsegula, apo ndiye injini imamwa oilo, utsi wa buluu kumbuyo, wina nkukuuzani kuti bwana apa pakufunika ovaholo. Musavomere ovaholo munthu asanaone kavalavu kameneka komanso asanayeze compression, ndikukupemphani. Chimodzimodzi mukaona zoyera ngati mayonezi pansi pa chitsekero cha oilo, si nthawi zonse pamene imakhala head gasket, galimoto yongoyenda kuchoka kunyumba kukasiya ana ku sukulu nkubwerera siitentha mokwanira kuti nthunzi ija ituluke, briza ikakhala yotsekeka ndiye zimanyanya.

Enanso amati aaa ife sititseka, timangoilozetsa pansi ngati ma lole akale. Ndi fumbi la misewu yathuyi mwezi wa October? Mukulowetsa mchenga mu oilo ndi manja anu. Komanso galimoto zambiri za masiku ano zili ndi sensa yowerenga mpweya wolowa, mpweya ukalowera pambali kompyuta imasokonezeka, check engine kuyaka, pa mashini oyezera nkumaonetsa P0171 kutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo, anthu nkumagula mapulagi ndi ma coil opanda chifukwa. A dizilo inu ndiye samalani kwambiri, Hilux kapena Hiace yoti maring'i anatha ikhoza kuyamba kumwa oilo wake kudzera mu briza nkumathamanga yokha, kuzimitsa kiyi osamva, mpaka itadziphwanya.

Kuyeza kwake sikufuna mashini. Injini ili pa idling zulani kavalavuko pa tapeti kava muike chala kumapeto, kakuyenera kukuyamwani chala. Mukazimitsa kachotseni mukagwedeze pafupi ndi khutu, kabwino kamalira kuti tcheketcheke, kakangoti zii katsekeka. Paipiyo muitsine, ikakhala yolimba ngati mtengo kapena yofewa ngati nthochi yakupsa yatha ntchito, ndipo pogula ina muonetsetse kuti ndi yopirira oilo, osati ya madzi a mu dimba imene ndinaipeza pa Passo ina dzana itasungunuka nkumatana mkati. Bawuti ya madala aja ndinaisunga, ili mu kabati momwe ndimaika ma risiti.